Samu ya Nyumba Zitatu

Atate anali mkamwini, ndipo pamudzi pathu, kuseri kwa phiri la Mphunzi, mkamwini ankamuyesa ndi khasu basi. Kwawo kunali cha ku Bembeke. Anakwatira amayi atangobwera kumene kuchokera ku Halale, kumene ankaperekera njerwa kwa amisiri, ndipo anakhala pachikamwini zaka khumi ndi ziwiri popanda munthu wowamva akukweza mawu. Ankalima, ankafolera nyumba za eni mudzi, ndipo akaona apongozi awo akubwera panjira ankapatukira kutchire monga mwa mwambo. Ine mwana wawo woyamba sindikumbuka kuti tinayamba tachezapo. Mawu awo kwa ine anali akuti "patse madzi" ndi "kaitane amako", kwatha.

Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili Sitandade 3 pasukulu ya kutsidya kwa dambo. Aphunzitsi athu anali mnyamata wongochoka kumene kukosi ya uphunzitsi, wokonda kuseka yekha nthabwala zake. Lachisanu lina m'mwezi wa Juni, zala zitatiuma ndi chisanu moti cholembera chinkatipulumuka, anajambula pabolodi nyumba zitatu, ndipo m'munsi mwake anajambula chitsime, munda ndi tchalitchi. Anati eni nyumbazo ndi odana, safuna n'kukumana komwe. Nyumba iliyonse ikhale ndi njira yakeyake yopita kuchitsime, ina yopita kumunda, ina yopita kutchalitchi, zonse pamodzi njira zisanu ndi zinayi, koma pasapezeke njira yodutsa pa inzake.

"Imeneyi mukapange kunyumba," anatero. "Amene aipeze ndidzamupatsa mpando wangawu."

Loweruka masana ndinakhala pakhonde ndi sileti yanga, kulemba ndi kufufuta ndi malovu mpaka sileti inachita kunyezimira. Njira zisanu ndi zitatu zinkalowa bwinobwino. Yachisanu ndi chinayi ndiyo inkakana. Atate anali pafupi, akusema mpini wa khasu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika kasemasema pansi.

"N'chiyani chakuvuta chotere?"

Ndinawafotokozera mosokonezasokoneza, poti sindinazolowere kuwauza chinthu chotalika. Anatenga sileti m'manja mwanga, nayesa kamodzi, kawiri, kenaka anaseka pang'ono. Anati chosavuta chimenechi, kungoti sileti yachepa. Tinasamukira pansi, n'kumalemba ndi kamtengo pafumbi mpaka amayi anatiitana kawiri kuti chakudya chikuzizira.

Lolemba aphunzitsi anafunsa ngati alipo amene anaipeza. Panalibe. Anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kutiuza kuti samu imeneyo ilibe yankho, anthu ophunzira anatsimikiza kalekale kuti siingatheke, iwo amangofuna kuona amene aname. Atatero anafufuta pabolodi n'kuyamba masamu ogawa. Mpaka lero ndikawakumbuka aphunzitsi amenewo mtima umandiwawa. Kwa iwo inali nthabwala ya Lachisanu.

Ndinabwerera kunyumba mawuwo ali pakamwa, wokonzeka kuwauza atate kuti asadzivute. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, atasesa kabwalo kosalala. Poti mizere ya pafumbi inkafufutika ndi nkhuku, anali atatola miyala itatu kuti ikhale nyumba, chigoba cha nkhono kuti chikhale chitsime, chitsononkho kuti chikhale munda, ndipo tchalitchi anaiimiritsa ndi kamtanda ka timitengo tiwiri. Njira anapanga za luzi. Pambali pawo panali mbatata yootcha yokulunga m'tsamba.

"Khala apa, mwana wanga," anatero. "Ndakusungira iyi. Tagwira luzi uku."

Anali asananditchulepo choncho. Ndinakhala pansi, ndinadya mbatata ija, ndipo mawu a aphunzitsi ndinawameza pamodzi ndi mbatatayo. Ndinadziuza kuti ndiwauza mawa. Mawa lake ndinatinso mawa.

Ndinene zoona, masabata amenewo ndinali wosangalala kuposa nthawi ina iliyonse ya ubwana wanga. Ndikaweruka ndinkathamanga dambo lonse. Atate ankandifunsa maganizo, ine, kamtsikana ka mamina, ngati kuti ndine munthu wamkulu. Ankandiuza za ku Halale, za nyumba zosanjikizana ndi za mzungu wina amene ankayeza khoma ndi chingwe chomangirira kachitsulo. Luzi likakanika kudutsa ankaomba m'manja n'kunena kuti, "Watigwiranso mdani uja," ndipo tinkaseka tonse.

Tsiku lina anandifunsa kuti kusukulu kwathuko nambala yomaliza amati ndi iti. Ndinawayankha monga tinaphunzirira, kuti palibe, chifukwa ukafika pa iliyonse ukhoza kuonjezapo imodzi. Nkhope yawo inawala.

"Ndiye basi," anatero. "Njiranso n'chimodzimodzi. Luzi ili ukhoza kulipinda uku, kulizungulitsa uko, kusuntha mwala pang'ono, mpaka kalekale osafika pothera. Pa zinthu zosatha chonchi, imodzi yokha yolondola ingasowe? Kungoti sitinaifike."

Ine ndinangoti inde. Apo ndiye pamene ndinawapha atate anga, ngakhale anakhalabe ndi moyo zaka zambiri. Munda uli ndi malire, ukaulima umafika pothera n'kupita kukapuma. Chinthu chopanda malire sichimuuza munthu kuti leka. Akalephera kambirimbiri amangoti yotsatirayo ndiyo, ndipo yotsatira imakhalapo nthawi zonse. Ndinadzamvetsa patapita zaka, nditakhala mphunzitsi inenso, kuti sipafunika kuyesa njira zonse kuti udziwe kuti n'zosatheka. Ukalumikiza nyumba ziwiri zokha ndi malo atatu aja, luzi limagawa bwalo m'zigawo zitatu, ndipo nyumba yachitatu, kaya uiike m'chigawo chiti, imaona malo awiri okha. Achitatuwo amatsala kuseri kwa mpanda. N'zofotokozeka pa nthawi yochepa kuposa yomwera kapu ya tiyi, koma aphunzitsi aja sanatifotokozere, mwinanso iwo omwe sankadziwa.

Pofika mwezi wa Julayi anthu anayamba kuona. Kachewere wa kudimba anafota chifukwa chosathirira. Amuna anzawo ankatsika m'phiri ndi mitolo ya udzu wofolera, atate ali chogwada kuseri kwa nkhokwe. Amayi anayamba ndi kuseka, kenaka kudandaula.

"Inu, kodi miyala imeneyo tidzadya? Achimwene akufunsatu."

Achimwene awowo anali atsibweni anga, mwini mbumba, munthu wosachedwa kupsa mtima, amene ankati sukulu imaphunzitsa ana mwano. Anabwera tsiku lina m'mawa, naima patali, osafuna n'kuyang'ana komwe zimene zinali pansi.

"Alamu, pano munabwerera khasu. Zoseweretsa ana muzikachitira kwanu."

Atate anapepesa, anapita kudimba masiku atatu, tsiku lachinayi anabwereranso ku miyala yawo. Ine ndinamva zonsezi, ndipo ndinkadziwa bwino kuti mkamwini waulesi amamusudzula. Mawu oti ndiwapulumutse nawo ndinali nawo, ochepa chabe. Koma tsopano panalinso mantha, poti ndikanawauza akanandifunsa kuti ndinali kuti masiku onsewa.

Mu Ogasiti mwana wa amayi aang'ono, wakhanda wa miyezi isanu, anadwala chifuwa namwalira pasanathe sabata. Chaka chimenecho kunazizira kwambiri, ndipo ana anapita angapo m'midzi ya m'mphepete mwa phiri. Poyamba anthu ananong'onezana za tsempho, matenda ogwira mwana akuluakulu akaphwanya mwambo. Koma maliro atatha, amayi aang'ono akufunafuna nkhuku yawo anafika kuseri kwa nkhokwe yathu, ndipo kukuwa kwawo kunamveka mpaka kuchitsime.

Pabanja pathu panali nyumba zitatu: yathu, ya agogo, ndi ya amayi aang'onowo. Pansi apo panali miyala itatu. Panali chigoba cha nkhono, chimene aliyense amadziwa kuti anthu ena amasungiramo mankhwala. Panali kamtanda, ndipo pamudzi wa gule wamkulu ngati wathu mtanda tinkauona pamanda a Akhristu. Kuchokera pa mwala uliwonse luzi linali litalunjika ku kamtandako. Munthu wolira mwana wake akanaona chiyani china? Atsibweni anapita kukaombeza, ndipo anabwerako ndi mawu omwewo amene anapita nawo, akuti atate ndiwo analodza mwanayo.

Anaitanitsa ankhoswe a atate kuchokera ku Bembeke. Nkhani inakambidwa masana, pabwalo la atsibweni, kamphepo kakuulutsa fumbi. Atate anafotokoza mofatsa kuti imeneyo ndi samu ya kusukulu, anabwera nayo ndi mwanayu. Aphunzitsi sakanatha kuwaikira umboni chifukwa sukulu inali itatsekera, iwo atapita kwawo.

"Samu?" anatero atsibweni. "Masamu timawadziwa ifenso. Nambala zake zili kuti pamenepa?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe, bwera kuno. Gwada apo. Zimenezi anakupatsani ndi aphunzitsi?"

"Inde, atsibweni."

"Chabwino. Samu iliyonse ili ndi yankho lake. Aphunzitsi ako anati yankho n'chiyani? Tiikire luzilo tione, nkhani ithere pomwepa."

Ndinayang'ana atate. Anandigwedezera mutu mondilimbitsa mtima, poganiza kuti ndinena kuti aphunzitsi sanatiuzebe. Ndikananena choncho mwina zikanakhalako bwino. Koma ndinali nditatopa ndi bodza, ndipo mwa uchitsiru wanga ndinkayesa kuti zoona ziwapulumutsa.

"Anati ilibe yankho."

Anthu anachita phokoso. Atsibweni anaseka kuseka koipa, nafunsa ankhoswe ngati kwawoko aphunzitsi amapatsa ana masamu opanda mayankho, ndiponso ngati munthu wamkulu wa nzeru zake angasiye dimba miyezi iwiri chifukwa cha chinthu choti mwana akudziwa kuti n'chosatheka. Ankhoswe anangoweramitsa mitu. Amayi anadziphimba kumaso ndi nsalu, poti womwalirayo anali mwana wa mng'ono wawo. Atate ankangondiyang'ana ine.

Atsibweni anawapatsa atate tsiku limodzi loti achoke pamudzi. Ana ndi a kuchikazi, choncho ine ndi alongo anga awiri tinatsala. M'mawa mwake atate anamanga bulangete, malaya awiri ndi kasemasema wawo, khasu analisiya poti linali la pamudzi. Palibe amene anatuluka kudzawatsanzika. Ine ndinawatsatira m'mbuyo ndi ndowa, ngati ndikupita kukatunga madzi, mpaka pamtsinje pamene njira ya ku Bembeke imayambira. Pamenepo anaima, osatembenuka.

"Unadziwa liti?"

"Lolemba lomwe lija."

"Loyamba lija?"

"Inde, atate."

Ndinkafuna andikalipire, kapena athyole kamtengo andikwapule monga amachitira atate a anzanga.

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndimafuna muzikhala nane."

Anatula katundu wawo, ndipo ndinaganiza kuti andigwira pamutu. Koma anangomangitsa mfundo imene inamasuka, n'kusenzanso.

"Bwerera," anatero. "Amako akudikira madzi."

Anawoloka. Anakhala moyo zaka zina makumi awiri ku Bembeke, mtunda woti munthu ukhoza kuyenda tsiku limodzi, ndipo sanandiitanitsepo. Inenso sindinapite.