Khoma Lapakati la Nyumba ya Amayi

Anthu a pa kanema aja amene amagumula nyumba za anzawo uku akuseka, ine sindiwafuna, ndipo sindibisa. Akangooneka ndimadzuka n'kukakhala panja. Ana anga amati ndimadana ndi anthu osawadziwa, okhala kutsidya kwa nyanja, amene sanandilakwirepo. Anandilakwira. Anaononga nyumba ya amayi anga iwo ali kwawo konko, kudzera mwa mlongo wanga.

Kwathu ndi kufupi ndi Nsaru, mukapatuka pa msewu wopita ku Kabudula. Tinabadwa atatu: ine woyamba, kenaka mlongo wangayo, womaliza mng'ono wanga. Akazife tinamanga pamudzi pomwepo, pafupi ndi amayi. Mlongo wanga anapita ku Joni, anakhalako zaka zambiri, ndipo atabwerako anakhazikika m'tauni ku Lilongwe, kumene amagulitsa matayala akale. Ndiye anatibweretsera kanema, dishi, sola ndi batire, n'kuziika m'nyumba mwanga.

Ndisaname, poyamba mapulogalamu amenewa ndinkawakonda. Lamulungu tikabwera ku Misa tinkadzaza pabalaza. Chizungu chawo chothamangacho sindinkachimva chonse, koma maso ankaona. Eni nyumba achoka. Pabwera mwamuna ndi mkazi ovala bwino atanyamula chinyundo. Amenya khoma, khoma ligwa, iwo aseka. Palowa malonda a sopo. Malondawo akatha, pansi pali matailosi, makoma ayera, maluwa ali pa tebulo. Eni ake abwera atatsekedwa m'maso, atsegula, mkazi alira, mwamuna agwira pamutu. Zonsezi nyemba zili pamoto zisanapse.

Ndinayenera kudziwa kuti ndi bodza. Ine ndinatungira madzi njerwa za nyumba yanga mpaka tsitsi la pa liwombo linathothoka. Ndikudziwa kuti njerwa imaumbidwa, iume, muimange uvuni, uvuniwo upse, uzizire, ndiye muyambe kukamba za maziko. Pa kanemapo sindinaonepo munthu atasenza ndowa, kapena ngolo ya mchenga itatitimira m'dambo, kapena mmisiri atasowa sabata yathunthu poti kwawo kwagwa maliro. Ngakhale fumbi lawo silimata pa malaya.

Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala uli kumapeto, amayi anaterereka pa mjigo n'kuthyoka mwendo m'ntchafu. Anawagoneka ku chipatala cha mishoni, mng'ono wanga n'kupita kukawadikirira. Mlongo wanga anabwera ndi mkazi wake kudzawazonda, ndipo atachoka kuchipatalako anafika kumudzi. Ndinamuona akuzungulira nyumba ya amayi, manja kumbuyo, ngati munthu wogula ng'ombe.

Nyumbayo anamanga ndi malemu abambo chaka china fodya atawayendera bwino. Kunja inali ya njerwa zootcha, koma makoma a m'kati anali a zidina. Inali ndi pabalaza pang'ono, chipinda chogona, ndi chipinda china chimene amayi ankasungiramo matumba a chimanga, mtedza, makasu ndi katundu wa abambo. Inali yamdima, sindikana. Koma inali isanadonthepo.

"Achemwali," anatero mlongo wanga, "amayi akatuluka asadzaipeze nyumbayi chonchi. Tiwadzidzimutse ngati amachitira anthu aja."

"Anthu ati?"

"A pa kanema aja. Khoma lapakatili lichoke, pabalaza pakule, kuwala kulowe. Masabata awiri tatha."

"Kodi eni ake mwawafunsa?"

"Tikawafunsa ndiye kudzidzimutsako kukhala pati?"

Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Ndinangoti, "Kaya, inu ndinu mwamuna pakhomo pano." Mumtima ndinali nditayamba kale kuona makoma oyera, ndi amayi akulira ndi chimwemwe ngati mzungu wa pa kanema. Mwamuna wanga, poti ndi mkamwini, anangoti, "Alamu, khomalo muliyang'ane bwino," n'kutenga khasu kupita kudimba.

Tinaitana mmisiri wina wachikulire wa mudzi woyandikana nawo, amene anathandiza kumanga nyumbayo kalelo. Analowa, anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenaka analoza ndi ndodo.

"Mukuuona mtanda uwo? Si mtengo umodzi ayi. Ndi mabulugama awiri, ndipo alumikizana pamwamba pa khoma lomweli. Khomali ndi limene lasenza denga. Mukalichotsa, mtandawo ukhala pa chiyani?"

"Madala, zimenezo ndi zachikale," anayankha mlongo wanga. "Kunja amachotsa makoma otere tsiku lililonse."

"Mwina kunjako denga limakoloweka kumwamba. Ine ntchito imeneyi ayi."

Anakwera njinga yake n'kumapita. Patapita masiku awiri, mlongo wanga anabwera ndi amuna atatu a m'tauni, ndi galimoto yodzaza simenti, penti, matailosi ndi zenera lalikulu lagalasi. Amuna amenewa sanayang'ane kudenga n'komwe.

Nyundo yoyamba anamenya ndi mlongo wanga, atavala magalasi akuda, mkazi wake akujambula pa foni. Zidina sizigwa mokongola ngati za pa kanema. Zinangophwanyika kukhala fumbi lofiira limene linatuluka pakhomo ngati utsi, n'kudzaza mpaka m'mbale za kwanga. Mlamu wanga anatsokomola n'kuthawira m'galimoto. Khoma litatha, denga linalira kamodzi, kuti tswee. Amuna aja anadula mzati n'kuchirikiza mtanda.

"Mzati pakati pa balaza? Ngati chigafa cha fodya?" anatero mlongo wanga. "Muuchotse."

Amunawo anakhomera thabwa pa mfundo ya mitengo iwiri ija, anachotsa mzati, n'kubisa zonse ndi siling'i yoyera.

Nanga madzi ankatunga ndani? Ine, pamodzi ndi amayi awiri a mu mphakati wathu wa kutchalitchi amene anandimvera chisoni. Mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, mjigo uli ndi mzere, ife tikusenza ndowa kuyambira m'mamawa. Mbeu zinali zisanakonzedwe, mizere ya m'munda mwanga inali isanathe. Pulasitala anamupaka penti asanaume, poti masabata awiri aja anali akutha. Anaboola khoma lakutsogolo kuti zenera lija lilowe, ndipo mng'alu unayamba pakona pake kukwera m'mwamba. Anaumata simenti ndi chala n'kupaka penti.

Katundu wa m'chipinda chosungiramo zinthu anamutulutsa panja tsiku loyamba lomwe. Matumba a chimanga anawaunjika m'khitchini ya udzu. Zina zonse mlongo wanga anazitcha zinyalala. Tsiku lina ndikuchokera ku mjigo ndinapeza moto ukuyaka kuseri kwa nyumba. Munali mpando wa abambo wa miyendo itatu, kabati yodyedwa ndi chiswe, ndi zikonyo za chimanga zakuda ndi mwaye zimene zinkalendewera ku phaso. Chimenecho chinali chimanga cha makolo, mbeu imene amayi ankasunga chaka ndi chaka. Ndinataya ndowa pansi.

"Iwe, wapenga? Ukudziwa chimene wawotchachi?"

Kuyambira pamene anakwatira ndinali ndisanamutchulepo kuti iwe. Anandiyang'ana modabwa.

"Achemwali, mbeu ili mbwee m'masitolo. Ndidzawagulira ya makono."

Mtedza wambeu nawo, umene unali mu lichero lalikulu wosendasenda, amuna a m'tauni aja anali akukazinga tsiku ndi tsiku pa chidutswa cha lata. Ndinazindikira utatsala wodzaza m'manja.

Amayi anatuluka m'chipatala Lachisanu masana. Anatsika m'galimoto movutika, atatsamira ndodo ziwiri za kuchipatala, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Anthu anasonkhana. Mlamu wanga anabwera ndi kansalu kuti awamange m'maso.

"Amayi, titseke pang'ono, kuli zabwino."

"Ndathyoka mwendo umodzi ndikuona," anatero amayi. "Mukufuna ndithyoke winawu ndisakuona? Chotsani."

Anafika pakhomo n'kuima. Fungo la penti linawakwera, anagwira pakamwa. Anayang'ana kumanja, kumanzere, kumene kunali khoma. Ndodo itangogunda tailosi inaterereka, ndipo akanagwa pakanapanda mng'ono wanga amene anawagwira m'chiuno. Mlongo wanga anali chilili pakona, akumwetulira, kudikira misozi.

"Chimanga changa chili kuti?"

"Chili m'khitchini, amayi. Taonani kuwala kwake..."

"Nanga mbeu?"

Amayi anatembenukira kwa ine, osati kwa mlongo wanga.

"Iwe unalipo?"

"Ndinalipo, amayi."

"Unalipo."

Anapempha mphasa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Mlongo wanga anabwerera m'tauni tsiku lomwelo, akudandaula kuti anthu akumudzi sayamika.

M'mawa mwake mng'ono wanga anandionetsa foni. Mlamu anali atatumiza kanema pa gulu la abale. Ndinaonera kawiri. Munali mlongo wanga akumenya khoma, kenaka chipinda choyera chowala, kenaka amayi ali pakhomo atagwira pakamwa, nyimbo yothokoza ikulira pansipansi. Zinathera pomwepo. Kuterereka kwa ndodo munalibe. Funso la chimanga munalibe. Ine ndi ndowa zanga munalibe. Abale a ku Blantyre ndi ku Joni ankalemba kuti mwana wotere ndi dalitso, kuti taonani mayi asowa chonena. Ndinakhala pa khonde foni ili m'manja. Ngati mlamu wanga, ndi kafoni kosweka galasi, anatha kusandutsa tsiku limene lija kukhala chikondwerero, nanga anthu a makina akuluakulu aja amataya zingati? Amayi angati anafunsa za katundu wawo n'kudulidwa? Madenga angati analira nyimbo ikuphimba?

Mvula yeniyeni inabwera patatha sabata ndi masiku. Inayamba cha m'ma thili koloko masana, ndi mphepo yochokera ku Kabudula imene inkapinda mitengo ya nthochi mpaka pansi. Ndinali kwanga ndikutchera madzi m'ndowa pamene ndinamva kulira kwa mtengo ukuthyoka. Nditasuzumira, msana wa nyumba ya amayi unali utapindika pakati ngati wa bulu wolemedwa. Ndinakuwa. Mwamuna wanga anathamanga, ine pambuyo.

Siling'i inali itagwera pabalaza, madzi akukhuthukira m'kati ngati pa mpopi. Galasi la zenera lija linali litasweka. Amayi anali pa bedi m'chipinda mwawo, korona ali m'manja, akulephera kudzuka poti ndodo zinali zitagwera patali. Mwamuna wanga anaiwala zoti ndi apongozi ake, anawanyamula ngati mwana. Potuluka anaterereka pa matailosi onyowawo n'kugwada, koma sanawataye. Bondo lake linatupa mwezi wathunthu, nthawi yopalira.

Nditawasintha zovala kwanga, amayi ankanjenjemera ndi kuzizira. Ndinaimbira mlongo wanga pomwepo.

"Denga lagwa."

"Aa! Ndiye kuti anyamata aja anandipusitsa. Ndiwapeza."

"Anakupusitsa ndi azungu ako aja. Bwera udzajambule. Bwera ndi akazi ako, muikemonso nyimbo."

Anadula foni.

Dzinja lonse amayi anakhala m'nyumba mwanga, pa bedi la ana, anawo akugona pabalaza. Sikunali kukhala kwabwino. Amayi anga si munthu wofatsa, ndipo munthu wozolowera pake akakhala kwa mwana amaona cholakwika paliponse. Mchere wachuluka, ana akusokosa, mkamwini akutsokomola kwambiri. Chimanga cha m'khitchini chija chinanyowa m'munsi n'kuchita nkhungu, matumba ena tinapatsa nkhumba. Mbeu ya makolo tinachita kukapempha kwa mayi wina wa ku Nambuma amene anakwatiwa m'mudzi mwathu. Anatipatsa ya m'mbale imodzi, ndipo amayi anaidzalitsa kuseri kwa nyumba yakugwayo, iwo atakhala pa mpando, akundikalipira kuti mapando ndikutalikitsa.

Chilimwe chitafika tinabwerera kwa mmisiri wachikulire uja. Ndinkayembekeza kuti atinyoza, koma anangofunsa ngati njerwa zilipo. Tinaumba, tinawotcha. Ntchito inatenga miyezi itatu, chifukwa pakati pake iye anadwala malungo, ndiye kunabwera ukwati wa mdzukulu wake. Amayi ankakhala pomwepo tsiku lililonse, ndodo ili pamwendo, kuonetsetsa kuti khoma likubwerera pamzere wake weniweni, ndi khomo la chipinda mbali yomwe linali. Zenera lalikulu lija anauza mmisiri kuti alitseke theka ndi njerwa. Matailosi anakana kuti tiwaswe, ati simenti yake ndi yabwino, koma anayalapo masaka kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, ndipo amayenda pa masakapo mpaka lero.

Mlongo wanga anatumiza simenti ndi malata pa galimoto ya mnzake, iye osabwera. Mpaka pano amati cholakwika chinali amisiri, nzeruyo inali yabwino. Anatha chaka ndi miyezi osaponda pamudzi. Tsiku limene anabwera, anafika yekha, atanyamula shuga ndi buledi, n'kuima pakhomo la amayi akuodira ngati mlendo. Amayi anamusiya aodire katatu.

"Lowa," anatero. "Koma manja akowo akhale m'thumba."