Mzere wa a Harawa pa Phiri la Soche

A Chipulikano Harawa ndinawadziwa m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene kompyuta inali chimakina chodzaza chipinda, chokhala ndi mphepo yakeyake yozizira pamene anthufe tinkatuluka thukuta pakhonde. Ine ndine Mildred, ndipo ntchito yanga inali yobowola makadi. Ana a lero ndikawauza amayesa ndinkatchova njuga. Makina aja sankamva chilankhulo china koma timabowo. A Harawa ankalemba masamu awo papepala, ine n'kubowola pamakadi, makinawo n'kumeza, mawa lake n'kulavula yankho. Ndikaphonya kabowo kamodzi, ntchito ya tsiku lonse inkalowa m'madzi, koma sanandikalipirepo. Ankangovula magalasi n'kunena kuti tiyambirenso.

Anali Mtumbuka wa ku Rumphi, wamtali, wouma thupi ndi macheza omwe. Ukawafunsa ngati kugwe mvula, ankayamba akufunsa iweyo kuti ukunena za ku Limbe kapena ku Ndirande. Tinkawaseka kumbali, koma masamu akatikanika tonse tinkathamangira kwa iwo.

Ofesi yathu inatumidwa kufufuza kuti tauni ikamakula, anthu angamange mpaka pati m'mphepete mwa mapiri popanda ngozi. A Harawa anasankha phiri la Soche chifukwa ankakhala m'munsi mwake momwemo. Analikwera ndi zoyezera mpaka nsapato zinawathera, kenako analiumba lonse ndi manambala n'kulilowetsa m'makina: kutsetsereka kwake, dothi lake, makwawa ake. Akatero ankaligwetsera phiri la manambalalo mvula yabodza, yoposa iliyonse imene Blantyre anaionapo, kuti aone pamene dothi lingaleke kugwira. Pomaliza anajambula mzere pamapu. Kumtunda kwa mzerewo kunali koopsa, kumunsi munthu akanatha kugona tulo tofa nato.

Mitengo nayo inali ndi nambala yake m'masamumo, poti mizu ndiyo imagwira dothi. Nambala imeneyo anaiika kamodzi basi, ngati chinthu chosasintha. Ine sindiwaimba mlandu. Masiku amenewo ukathyola ngakhale kanthambi m'phirimo, alonda a nkhalango ankakugoneka m'chitokosi. Ndani akanalota kuti nkhalango yonse ija idzathera m'mbaula?

Lipoti lawo linafera m'kabati ya mabwana. Makina aja anagulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo a Harawa anakathera kophunzitsa masamu m'masukulu a pulaiveti, kwa ana amene ankangofuna yankho osati njira yake. Mayi akunyumba kwawo, a Dorcas, anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Chigomezgo. Ameneyu atakwatiwa ndi Hawkins, wowotcherera zitsulo ku Chirimba, banjalo linafuna puloti, ndipo yomwe akanaikwanitsa inali kumtunda kwa Chilobwe, m'mbali mwa phiri lomwelo. A Harawa anakwera nawo, mapu akale aja ali m'manja, anaponda pansi n'kunena kuti pano ndi kumunsi kwa mzere, mangani. Mbiri inawanda kuti malowo anapimidwa ndi kompyuta, ndiye anthu anakhamukirako ngati kuli chimanga chaulere.

Mvula ya mu 2015 ndiyo inawatsegula maso. Anaona madzi akutsika ofiira, akugubuduza miyala m'njira, ndipo atakweza maso anaona phiri lometedwa mpala. Anabwereka laputopu kwa mphunzitsi mnzawo wakale n'kubwereza masamu aja, ulendo uno popanda mitengo. Mzere unatsika. Nyumba ya Chigomezgo, pamodzi ndi za anansi ake, inatsala kumtunda.

Asanapite kwa mwana wawo anadzera kwanga ku Zingwangwa, poti mwa anthu a ku ofesi ija ndinali nditatsala ndekha. Tiyi amene ndinawathirira anazizira m'kapu. Ndinawamvera chisoni moti ndinasowa poyang'ana.

"A Mildred, ndinamukhazika mwana wanga panjira ya madzi," anatero. "Ndipo madzi saiwala khwawa."

Kuyambira pamenepo moyo wawo unatsala ndi ntchito imodzi, yochotsa Chigomezgo ndi ana ake awiri paphiripo. Amene ankalimbana nawo sanali munthu wina koma mawu awo omwe akale aja. Hawkins anawalandira apongozi ake mwaulemu, anawapatsa mpando, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Koma bambo, munanena nokha kuti pano m'pabwino," anayankha. "Ija inali kompyuta yeniyeni, yodzaza chipinda. Ndiye lero tisiye nyumba chifukwa cha kalaputopu kobwereka?"

A Harawa anayesa kufotokoza kuti kalaputopuko kanali ndi mphamvu kuposa chimakina chija kutalitali, ndiponso kuti amene analakwitsa si makina koma iwo eni. Zinangoipiraipira. Anansi anayamba kunena kuti si mwaona, sukulu ikachuluka imazunguza mutu. A Harawa ataliitana banjalo kuti lidzakhale nawo kwawo m'munsi mwa phiri, Hawkins anakanitsitsa, ati sanakapereke lobola ku Rumphi kuti adzakhale mkamwini mtauni. Chigomezgo ankawakonda bambo ake, koma njerwa za nyumbayo anazisenza yekha pamutu, ndipo dzinja lililonse likatha phiri lili chilili, ankawaseka pang'ono kuti mwaona adada, tikadalipo. Zaka zinapita choncho. Mitambo ikangoda, mkuluyo ankanyamula ambulera n'kuyamba chitunda, anthu n'kumakodolana kuti a Masamu aja akubwera.

Ndinene mosabisa, anthu amene aja ndinkapsa nawo mtima, makamaka Hawkins ndi ulemu wake wouma khosi. Komabe akanandifunsa kuti asamukire kuti, nanenso ndikanangoti kakasi. Mu Blantyre muno malo otsalira munthu wosauka ndi amene madzi amadutsa.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anafika, ndipo mvula inagwa osapumira. Lamlungu masana a Harawa anakwera chitunda chija, akuterereka ndi kugwa m'matope. Hawkins anali ku Chirimba, atalephera kubwerera chifukwa mitsinje inali itadzaza. Mkuluyo anagwada pansi pamaso pa mwana wake womubereka yekha. Chigomezgo anachita manyazi, anawadzutsa, anaveka ana ake majekete n'kuwapereka kwa agogo awo kuti mtima wa mkuluyo ukhale pansi. Iye anati nyumba singatsale yokha, akuba amakonda nyengo ngati imeneyi.

"Pitani, adada, mwanyowa," anatero. "Ndikupezani mawa mvula ikakata."

Mawa lakelo phiri linatsika. Pamene panali nyumba zija panatsala matope ndi miyala ikuluikulu ngati maminibasi.

Anthu anakumba ndi makasu ndi manja pamalo pamene panali nyumba ya Chigomezgo, koma sanamupeze. Patapita masiku mvula itakata, ndinawaperekeza a Harawa kumeneko, chifukwa okha sakanayenda. Hawkins anationa tikubwera. Anatuluka m'dzenje, matope mpaka m'chiuno, maso ali psuu, n'kudzagwada pamapazi pawo.

"Bambo, werengerani," anatero. "Tiuzeni kumene matopewa anamutengera. Tikumba pamene munenepo."

Ndinayesa akana, ndipo sindikanawadabwa. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana pamene phiri linang'ambikira ndi njira imene miyala inadzera, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anayamba kutsika pang'onopang'ono, khamu likuwatsata, mpaka pamene khwawa limakhotera kuseri kwa mpanda wa tchalitchi china, kutali ndithu ndi pamene anthu ankakumba. Analoza pansi. Palibe amene anatsutsa kapena kuseka. Dzuwa lisanapendeke anamupeza Chigomezgo.

Kumanda ndinaima chakumbuyo kwa a Harawa. Azibambo awiri, mwa omwe ankawaseka aja, ankanong'onezana kuti wina asakunamizeni, mkuluyu masamu amawadziwa, analoza penipeni osaphonya. Ankanena moyamikira ndithu, ndi mtima wonse. A Harawa anamva. Anatembenuka, misozi ili mbwe, n'kuwapempha mwaulemu kuti chonde asiye.