A Pansipansi ndi Chotsetserekera cha Kabuluzi

Mwana wathu timamutcha Kabuluzi, chifukwa anayamba kukwera asanadziwe kuyenda bwinobwino. Mpando, tebulo, zitsulo za pawindo, chilichonse chokhala ndi pogwira. Ine ndine wamantha, sindibisa. Makona a tebulo ndinawakulunga nsanza, machesi ndimabisa malo oti inenso ndimaiwala. Koma tsiku lina ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba ndinamva kamawu kuchokera kumwamba, "Amayi, taonani!" Kucheuka, mwana ali pamwamba pa mpanda wa njerwa, mwendo uku mwendo uku, ngati wakwera njinga.

Madzulo ake bambo ake anati, "Ameneyu kukwera sasiya. Timupezere chokwera chakechake, apo ayi ndimukhomera ndekha." Apa mantha anga anakhala awiri. Shelefu imene anakhoma m'khitchini inagwa ndi mbale zanga zonse, ndipo mpaka lero amati vuto linali khoma. Ndinati, "Ayi abambo, musavutike, mumatopa kuntchito. Ndikafunsa kwa owotcherera aja."

Owotcherera amenewa aliyense amawatcha a Pansipansi. Ndinkaganiza kuti n'chifukwa cha msinkhu, poti ndi aafupi, ojintcha, adazi, ndipo magalasi akuda owotchererawo amakhala pachipumi tsiku lonse. Shedi yawo ili kumapeto kwa msewu wathu, pafupi ndi okonza matayala. Kutsogolo kuli mageti ndi mafelemu a mawindo, koma kumbuyo ndiye kuli za ana: akatungwe a matayala, thabwa lija ana awiri amakwezana uku ndi uku, ndi zotsetserekera zopentedwa zofiira ndi zachikasu.

Ndinapita ndekha, Kabuluzi nditamusiya kwa achemwali anga. Chilichonse chimene a Pansipansi ankandionetsa ndinkachipezera ngozi yake.

"Katungwe uyu, mayi?"

"Tcheni chimupana zala."

"Timachiveka payipi ya pulasitiki, taonani."

"Nanga akadutsa kutsogolo mnzake ali m'malere? Si mano amenewo?"

"Chabwino. Thabwa ili?"

"Mnzake akadumphapo mwadzidzidzi, wanga agwa chagada."

Ndinkayembekeza kuti andiseka, monga amachitira amuna anga ndi apongozi. Iwo ayi. Anagwedeza mutu, nkhope ili yachisoni, n'kuwonjezera, "Ndi lilimenso, mayi. Amadziluma lilime." Ngozi imene ine ndinali ndisanaiganizeko! Ndinamva ngati ndapeza mbale wanga amene anasowa kalekale.

Tinakaima pa zotsetserekera. Ine ndinaloza kakang'ono kofika m'chiuno, koma iwo anafunsa kutalika kwa mpanda wathu. Nditawauza anapukusa mutu. "Chikafupika kwambiri, mayi, achinyoza, abwerera kumpanda." Anandionetsa china chopitirira mutu wanga. Anandigwiritsa m'mbali mwake kuti ndimve mmene anasalazira ndi girayinda, mabawuti ophimbidwa mitu, ndi mipata ya zitsulo za pamwamba yoti mutu wa mwana sungalowe. Anati ndichiike pamthunzi chifukwa chitsulo chikatentha chimawotcha matako, ndipo pansi pake ndithire mchenga wosaumira. Zonsezo ndinamva, koma maso anga sagona. Ndinaona kuti pofotokoza za pamwamba ankaloza ndi waya, ali chiimire pansi. Phazi ankaliika pamakwerero n'kulibweza ngati aponda khala la moto.

"Bambo, takwerani ndione ngati n'cholimba."

"Aa, mayi, bondo langali..." Anatembenuka n'kukuwa, "Mayi akunyumba! Tabwerani, kuli kasitomala."

Kunatuluka mayi wamtali, wathupi, burashi ili m'manja. Ndi akazi awo, amene amapenta zonse. Sanafunse n'komwe chimene aitanidwira. Anapinda diresi, kukwera, kudumphadumpha pamwamba mpaka chitsulo kulira, kenako fyuu mpaka pansi. Nthawi yonseyo a Pansipansi anali atatsitsira magalasi akuda aja kumaso, ngakhale panalibe chowotcherera.

"Bondo lawo lilibe kanthu, mwanawe," anatero mayiwo akukung'untha diresi. "Kale ankapanga nsanja za mathanki a madzi ndi achimwene awo. Tsiku lina anakwera bwinobwino, kuwotcherera, atamaliza n'kuyang'ana pansi. Basi. Anakumbatira chitsulo mpaka dzuwa kupendeka. Anthu anadzaza, ena kubwera ndi mipando. Anachita kuwatsitsa ndi chingwe ngati thumba la simenti."

"Kunali mphepo tsiku limenelo," anatero a Pansipansi akuyang'ana kumbali.

"Mphepo yake iti? Ine ndinalipo, ndinkagulitsa nthochi pansi pakepo. Mmene ndinawadziwira ndi momwemo."

Chiyambire tsikulo sanakwerenso, ndipo dzina linachokera pomwepo. Babu likapsa kunyumba amasintha ndi akazi awo. Bedi analidula miyendo. Anayamba mageti, kenako zoseweretsa ana, ndipo cholumikizira chilichonse amachiwotcherera mobwereza chifukwa m'mutu mwawo mwana amagwa asanakwere n'komwe. Ndinasankha chotsetserekera chachitali chija. Ndinati ngati munthu wamantha chonchi wachilola kutuluka mu shedi, ndiye kuti chilibe mlandu.

Anachibweretsa pangolo yokankha, kuchizika miyendo m'simenti pansi pa mtengo wa kuseri, n'kutiuza kuti mwana asayandikire mpaka iume. Tsiku loyesa anabwera okha, akazi awo atapita kukaona wodwala. Bambo a mwana anali kuntchito. Nditangotsegula chitseko Kabuluzi anathamanga, ndipo ndisanamalize kunena kuti "pang'onopang'ono" anali ali pamwamba. Anasuzumira kotsetserekako, kumwetulira kunatha. Anakumbatira chitsulo n'kuyamba kulira.

Mwana wokwera mpanda ameneyu! Koma kutsika sankakudziwa, poti nthawi zonse ndinkamuthyola ngati papaya asanayese n'komwe. Ndinanyanyamphira kuti ndimugwire, ndinangokhudza chidendene, iye n'kukanirira kwambiri. Kumukoka kukanakhala kumugwetsa.

Tinayang'anizana ndi a Pansipansi.

"Bambo, chonde kwerani."

"Mayi, mwanayu ndi wanu." Thukuta linali litadzaza padazi. Kenako anatsitsa mawu. "Musayang'ane pansi. Yang'anani mwana basi. Ine ndinalakwitsa pomwepo."

Anagwira makwerero mwamphamvu ndi manja awiri, makwerero oti anawazika okha m'simenti. Ndinavula masilipasi n'kukwera, maso ali pa kamutu ka mwana wanga. Nditafika anandilumphira m'khosi. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti kubwerera chafutambuyo nditanyamula mwana sindingathe. Njira inali imodzi yokha, yofiira, yosalala bwino ndi girayinda.

Ndinakhala pansi, kumuika pamiyendo. "Gwira manja a amayi. Tikupita limodzi." A Pansipansi anathamangira kumapeto, kugwada mumchenga, kutambasula manja kuti atiwakhe, n'kutsinzina. Amene amawakha anthu atatsinzina ndinamuona tsiku limenelo.

Sindikudziwa amene anakuwa kwambiri pakati pa ine ndi iwo. Tinawagunda pachifuwa, tonse atatu mumchenga, magalasi akuda kugwera uko. Ndinayamba kumupapasa mwana mutu, mano, lilime. Iye anandikankha dzanja, kulavula mchenga, n'kunena, "Kenanso!"

Anathamangira kumakwerero. Miyendo yanga inkafuna kumutsatira, koma ndinakhalabe mumchengamo, manja nditawapana m'khwapa kuti asandichititse manyazi. Anakwera, anakhala, anandiyang'ana kamodzi, n'kudzikankha yekha. Anatera ndi matako, akuseka.

"Watsika?" anafunsa a Pansipansi, maso akadali otseka.

"Watsika, bambo. Tsegulani."

Kumpanda kuja Kabuluzi sanabwerereko. Ndikamachapa ndimakhala chammbali kuti ndizimuona ndi diso limodzi lokha, linalo ndikuliphunzitsa kuyang'ana zovala. A Pansipansi amadutsa nthawi ndi nthawi kudzaona ngati mabawuti sanakhwefuke. Am'munsi amamanga okha, modekha, akuimba kamluzu. Akamaliza amadzuka, kuyang'ana kumwamba, kutsokomola pang'ono, n'kundipatsa sipanala.