Makungwa a M'sutikesi ya Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kupha mlongo wanga Madalitso, ine ndikuti ndikumuchiza.

Tinkakhala ku Chitawira, m'nyumba zija zofanana ngati ana amapasa. Bambo anali kalaliki pa kampani ina ku Limbe, amayi ankataipa makalata mu ofesi ina m'tauni. Amayi anali munthu wa mpingo weniweni, wosaphonya msonkhano wa amayi, ndipo pakhomo pathu mawu akuti mankhwala achikuda sankatchulidwa. Kwa iwo muzu ndi chithumwa zinali chimodzimodzi, zonse za mdima.

Nyumba yachitatu kuchokera kwathu inali ya a Likoswe, bambo wamtali wa magalasi, amene ankagwira ntchito mu labotale ina yofufuza za zitsamba. Pakhonde pawo pankakhala masamba, mizu ndi makungwa zitayanikidwa pa nyuzipepala. Ife ana tinkawatcha sing'anga wa tayi, ndipo mpira wathu ukagwera m'bwalo mwawo tinkakankhana kuti akatole ndani. Amayi ankawapatsa moni wa ulemu, koma anatiletsa ngakhale kumwa madzi a pakhomo pawo.

Komatu ine ndinkasunga chinsinsi cha amayi, iwo osadziwa. Tsiku lina ndinasuzumira m'chipinda mwawo ndi kuwaona akukoka sutikesi ya pansi pa bedi, momwe ankasungamo yunifolomu yawo ya kumpingo. Pansi pa zovalazo anatulutsa jumbo ya makungwa, nathyola kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, nakaviika m'kapu ya madzi. Madzulo anamwa atatseka chitseko. Masiku amenewo m'mimba munkawavuta, koma m'mawa mwake anadzuka akuimba nyimbo uku akusesa. Ndinasunga zimenezi mumtima, osauza munthu.

Tchuthi cha Khirisimasi chitafika, nyengo ya mango ndi ntchentche, Mada anayamba kutsekula m'mimba. Anali ndi zaka zitatu. Lachisanu m'mawa amayi anasungunula kapaketi ka mchere ndi shuga ka kuchipatala m'botolo la madzi owiritsa, nandipatsa.

"Uzim'mwetsa pang'onopang'ono, wamva? Ndikapempha abwana ndiweruke masana."

Ndiyenera kuvomera kuti ndinali mwana wodzimva. M'kalasi ndinkakhala nambala wani, choncho ndinkaganiza kuti nzeru zonse za mu Blantyre zinathera m'mutu mwanga. Ndinayang'ana botolo lija ndi kulinyoza. Madzi a mchere angachize munthu? Tonse tinakula tikumva kuti mankhwala akawawa ndiye kuti akugwira. Ndiye ndinachita masamu anga: ngati kachidutswa kamodzi kanachiza munthu wamkulu usiku umodzi, makungwa odzaza dzanja, owiritsa bwinobwino, amuchiza Mada amayi asanafike. Ndinkaona kale m'maganizo amayi akundiyamikira pamaso pa bambo.

Ndinakoka sutikesi, kutapa makungwa, kuika m'kapoto pa mbaula. Anawira mpaka madzi anada ngati tiyi woiwalika pamoto, fungo lake lodzaza khitchini yonse. Nditalawa ndi nsonga ya chala, kuwawa kwake kunafika m'makutu, ine n'kukondwa. Mada atangolawa analavula. Ndinathiramo shuga masupuni atatu, kumupana pakati pa miyendo, kumutsina mphuno monga ndinkaonera azimayi ena akuchitira ana okana mankhwala. Anameza uku akulira. Cha m'ma naini anamwa kapu yodzaza, cha m'ma leveni ndinawonjezera theka. Kapoto ndinakabisa kuseri kwa thumba la makala.

Sipanapite nthawi, anayamba kusanza. Kutsekula kuja kunasanduka madzi okhaokha, ndipo matewera onse amene amayi anasiya anatha. Koma chimene chinandiopsa ndi pamene anasiya kulira. Maso analowa m'kati, khosi linali lende. Ndinamugwedeza, kumutchula dzina, kumunamiza kuti kunja kukudutsa ndege, iye zii.

Ndinathamangira panja. Mzere wathu wonse unali wotseka, ena kuntchito, ena kumsika. Munthu wamkulu yekhayo amene ndinamuona anali a Likoswe, ali pakhonde pawo akulemba pa maenvulopu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaiwala lamulo la amayi, ndinalowa m'bwalo lija ndikukuwa.

Anabwera opanda nsapato. Anatsina khungu la pamimba pa Mada, ndipo khungulo linangokhala choimirira, osabwerera.

"Wamwa chiyani mwanayu?"

"Madzi amene anasiya amayi aja basi," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anamuvula Mada malaya ake onyowa, namukulunga m'chitenje, nathamangira kwa a Jafali, oyendetsa takisi amene ankakhala kumapeto kwa mzere. A Jafali anali atavala kale mkanjo wawo kuti azipita ku mzikiti. Atangoona mwanayo anatsegula chitseko cha galimoto osafunsa funso. Tili m'njira a Likoswe anaimbira amayi kuntchito, ndipo amayi anatipeza kuchipatala nsapato zili m'manja, thukuta lili chuchuchu.

Namwino anamugoneka Mada pa kabedi, natenga cholembera.

"Mayi, mwamupatsa mankhwala alionse a kunyumba? Zitsamba, mizu?"

Funso limeneli aliyense amalidziwa, ndipo yankho lakenso aliyense amalidziwa. Ngakhale mwana afike ndi mphini zosapola, mayi amati ayi, chifukwa amaopa kukalipiridwa pagulu ngati mwana wa sukulu. Koma amayi anga sankanama. Anayankha ndi mtima wonse.

"Ayi, asisita. Ife ndife anthu opemphera."

Namwino analemba. Ine ndinaima pakona. Ndinkaopa chikwapu, inde, koma ndinkaopa kwambiri china: ndikanena, ndiye kuti ndavula amayi anga pamaso pa anthu, ndiponso pamaso pa munthu yemwe iwo ankamunena kuti ndi wa mizu. Ndinasankha kukhala chete, ndikupemphera kuti adokotala adziwe okha.

"Tiyamike, tandiperekeze panjapa," anatero a Likoswe.

M'khonde la chipatala ananjuta kuti tilingane msinkhu. M'manja anali adakagwirizira malaya a Mada. Anandionetsa banga lakuda pachifuwa pa malayawo, nalinunkhiza.

"Madzi a mchere sadetsa malaya chonchi. Mwana wanga, ine si wapolisi. Zoti walakwa kapena sunalakwe, mukakambirana ndi amayi ako kunyumba. Ine ndikufuna manambala basi. Makungwa angati? Madzi ochuluka bwanji? Anawira nthawi yaitali bwanji? Wamwa makapu angati?"

Ndinayamba kulira. "Amayi achita manyazi."

"Manyazi amatha. Impso za mwana zikawonongeka, zawonongeka. M'katimo adokotala akuchiza matenda amene tawauza, pomwe m'thupi mwake muli zina."

Ndinanena zonse, mpaka masupuni a shuga. Ndinkayembekeza kuti akanena okha, koma anandigwira dzanja, kubwerera nane m'chipinda muja, kundiimika pamaso pa namwino kuti ndibwereze ndekha. Nditatchula sutikesi ya pansi pa bedi, sindinathe kuyang'ana amayi. Namwino anayamba monga tinkaopera: "Mwaonatu azimayi inu! Mumatinamiza, mwana akatisiya muziti achipatala alephera!" Anthu a pamabedi ena anatembenuka kutiyang'ana. Ndinamva amayi akupuma mozama, kenaka anayankhula motsitsa mawu.

"Makungwawo ndi anga, asisita. Mwanayu anaonera ine."

Namwino uja, pakamwa pake panali pakuthwa, koma dzanja lake linali lachangu. Anafufuta zimene analemba, naitana dokotala. Mapilitsi amene anali atakonza kale anawabweza. Anamuika Mada diripi, kutenga magazi kuti akayeze impso ndi chiwindi, nauza amayi kuti mkodzo uliwonse wa mwana aziusunga m'kabotolo kuti aziuyeza kuchuluka kwake. A Likoswe ndi a Jafali anabwerera ku Chitawira kukatenga kapoto ndi jumbo ija. Atafika, a Likoswe anakhuthulira makungwa pa benchi, dokotala ali pambali, nayamba kuwathyola ndi kuwanunkhiza limodzilimodzi. Anati ambiri mwa makungwawo ndi muwawani, mtengo wowawa umene anthu amamwera m'mimba. Koma zidutswa ziwiri, zofiirira m'kati, anaziika padera.

"Izi sindikuzidziwa," anatero. "Mayi, munagula kuti?"

"Kwa munthu wina mumsika ku Limbe," amayi anayankha ataweramitsa mutu. Kwa miyezi ankamwa chinthu chimene ngakhale wogulitsayo mwina sankachidziwa bwino.

Masiku awiri kabotolo kaja sikankadzaza ngakhale theka. Dokotala akabwera ankakayang'ana, kugwedeza mutu, kupita. Bambo ankafika kuchokera ku Limbe ndi kuima pamutu pa bedi osakhala pansi, ndipo ine palibe ankandiyankhula, chimene chinandiwawa kuposa kumenyedwa. Tsiku lachitatu masana Mada anakodza ali pamiyendo pa amayi, kunyowetsa chitenje chonse mpaka pansi. Amayi anaseka, kulira, kuitana namwino ngati apeza ndalama panjira. Sindinaonepo munthu akukondwera ndi mkodzo chotero. Madzulo ake Mada anapempha bisiketi, ndipo tsiku lachisanu anatitulutsa.

Chikwapu chimene ndinkayembekeza sichinabwere. Bambo anangoti, "Safunsa anadya phula, koma iwe unachita kudyetsa mnzako," ndipo mawu amenewo anandikwana. Loweruka lotsatira amayi anagula nkhuku yamoyo, kundisenzetsa, tonse ulendo wa kwa a Likoswe. Anagwada pakhonde paja, pakati pa masamba oyanikidwa.

"Bambo, tabwera kudzathokoza. Komanso mutikhululukire, tinkakunenani."

A Likoswe anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ndinkamva, mayi. Makoma a ku Chitawira kuno ngopyapyala. Dzina lija la sing'anga wa tayi linkandisangalatsa."

Tsiku limenelo anandionetsa ntchito yawo. Envulopu iliyonse inali ndi dzina la mtengo, malo amene unathyoledwa, mwezi wake, ndiponso ngati ndi tsamba, muzu kapena khungwa, chifukwa ankati mtengo umodzi womwewo mphamvu zake zimasiyana malinga ndi mbali yake ndi nyengo. Anandifotokozera kuti kuntchito amasinja, kuviika, kusefa, kenaka kudontheza madziwo m'timbale momwe muli tizilombo toyambitsa matenda kuti aone ngati tifa. Tikafa, ntchito ndiye yangoyamba. Amayesa pa mbewa zoyera zoweta, muyeso wochepa, wokulirapo, waukulu, ndi kuona chimene chachitika m'chiwindi ndi m'impso.

"Mtengo timaufunsa mafunso awiri," anatero. "Umachiza chiyani? Nanga umawononga chiyani? Makolo athu loyambalo anatiyankhira zambiri, ndipo sanali opusa. Lachiwirili ndi limene limatidyera zaka."

Ndinawafunsa kuti mwana ngati Mada amayenera kumwa muwawani wochuluka bwanji. Ndinkayembekeza nambala. Iwo anati, "Sindikudziwa. N'chifukwa chake sindingamupatse." Aka kanali koyamba kumva munthu wophunzira kwambiri akunena kuti sakudziwa, ndipo anazinena osachita manyazi. Zidutswa zofiira zija anapita nazo kuntchito, koma patapita miyezi anandiuza kuti dzina la mtengo wake sanalipeze, pakuti khungwa lopanda tsamba kapena duwa limavuta kulizindikira. Mpaka lero sitidziwa ngati Mada anavulazidwa ndi zidutswa zimenezo kapena ndi kuchuluka kwa muwawani wanga.

A Likoswe anatisiya zaka zingapo zapitazo. Pa maliro awo, Mada, amene tsopano ndi bambo wa ana awiri ku Chirimba, anakana kusinthana ndi munthu ponyamula bokosi. Ine ndinayenda pambuyo ndi amayi, ndipo ndinalira ngati ndataya bambo wondibereka. Ndimawathokoza chifukwa cha moyo wa mlongo wanga. Ndimawathokozanso chifukwa sanandinenere okha tsiku lija. Akanatero, ndikanakula ndikuganiza kuti choonadi chimanenedwa ndi anthu ena.

Ndikaganiza lero, ndimaona kuti mtengo unachita mbali yake, kudzimva kwanga kunachitanso mbali yake, koma chimene chikanamaliza Mada ndi kubisa. Amayi anabisa m'sutikesi poopa anzawo a kumpingo, ine ndinabisa kuseri kwa makala poopa amayi, ndipo tonse tikanabisa kwa namwino poopa pakamwa pake. Zitsamba timamwa ambiri, ophunzira ndi opemphera omwe, koma timamwa mobisa, ndipo chinthu chomwedwa mobisa palibe angakuuze muyeso wake.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anadwala chifuwa. Tisanapite kuchipatala ndinali nditamufukiza masamba a bulugamu ndi kumupatsa madzi a mandimu. Namwino atafunsa funso lija, mayi amene anakhala pafupi nane pa benchi ananditsina kuti ndikane. Ine ndinanena zonse, kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Namwino anaika cholembera pansi, nakonza pakhosi kuti ayambe.

"Kalipani, asisita," ndinatero, "koma mulembe."