Mayi wa m'galamafoni akungopuma

Amayi, lero m'mawa mu minibasi yochokera ku Limbe adalaivala anatsegula wailesi, ndipo ndinamva mawu a mayi uja wa ku Amerika woimba nyimbo za kantile, uja munkati amalira ngati wamasiye. Ndinapitirira siteji yanga osadziwa. Maso anali pamsewu, koma mtima unali pakhonde pathu ku Kanjedza, Lamulungu masana, ndikupukusa galamafoni ija bambo anu anabwera nayo kuchokera ku Halale nthawi ya atsamunda. Mbale ya nyimboyi inali yokalika, ndiye ikafika pakati inkangobwereza mawu amodzimodzi. Ine ndinkaopa kuti ndawononga. Inu munkaseka n'kukhudza singano ndi chala, mukuti, "Usaope mwanawe, mayiyu akungopuma. Mkankhe pang'ono apitirize ulendo."

Pawailesi lero sanapume. Anangodutsa pamalo paja bwinobwino, ine n'kumamva ngati si iyeyo. Chimwalirireni inu, galamafoniyo ndimaipukuta Loweruka lililonse, ndipo mbale ija ndinaikulunga m'chitenje chanu, koma sindinayerekezepo kuiliza, kuopa kuti ingasweke m'manja mwanga, khonde lija n'kukhala chete mpaka kale. Masana ano ndaitulutsa. Ndapukusa pang'onopang'ono monga munandiphunzitsira, mayi uja waimba mpaka kufika pamalo pake, n'kuyamba kubwereza. Ndamusiya apume kanthawi, Amayi, ndikuyang'ana kukhomo ngati mungatulukire. Kenako ndamukankha ndi chala changa, wapitiriza ulendo.