Kalata ya ababa inagona m'kope langa

Lamba wa chigayo chomwe ababa amagwirako ntchito ku Songani atawadula zala ziwiri, mwini chigayo anangoti, "Pachira pamenepo," osakanena kulikonse. Choncho ababa ankayankhula, ine ndikulemba kalata yopempha chipukutamisozi ku ofesi ya zantchito ku Zomba. Anandituma kuti ndikapereke.

Ndinafika mpaka pakhomo. Mlonda atandifunsa kuti, "Tikuthandize chiyani, mtsikana?" ndinachita mantha. Ndinangoti, "Pepani, ndasochera," n'kuthamangira minibasi. Kunyumba ndinanama kuti ndapereka.

Kalatayo inakhala masabata awiri m'kope lino. Tsiku lililonse ababa ankafunsa kuti, "Sanayankhebe?" Ine ndinkangoyang'ana bandeji yawo, ndikuopa kuti mwina nthawi yodandaula yadutsa chifukwa cha ine.

Dzulo ndinagwada n'kuulula, misozi ndi mamina zili mbwee. Ababa anaseka.

"Iwe, kusochera utafika pakhomo penipeni? Mawa tipitira limodzi."

Lero tinapitadi. Amayi ena ogwira ntchito mu ofesimo anawerenga kalatayo, anaona dzanja la ababa, n'kunena kuti sitinachedwe. Anafunsanso kuti analemba bwino chonchi ndani. Ababa anatembenuka kuti andiloze, koma ine ndinali nditabisala kale kumbuyo kwawo.