Kontena Imene Inkagogoda Pabwalo Pathu

Ndimakumbukirabe kachitsulo kachikasu, kotalika ngati chala changa, kamene kanali pa chitseko cha kontena. Amalume ankakatchula kuti siilo. Ankati kamadulidwa ndi eni katundu okha. Dalaivala akakadula ndiye kuti ntchito yatha, mwinanso ndende. Anali atayendetsa thiraki zaka zambiri, kupita ndi fodya kudoko la Dar es Salaam n'kubwerako ndi katundu amene sankamuona n'komwe, ndipo ankanyadira kuti sanaduleko siilo chibadwire.

Chinali chilimwe, nthawi yothirira nazale za fodya kwathu ku Kaluluma. Thiraki inawavuta pamsewu waukulu, nayikwawitsa mpaka pabwalo pathu kudikira makaniko wochokera ku Lilongwe. Kontena ija anailandira kumalire kwa dalaivala mnzawo ili yotsekatseka, n'kuuzidwa kuti muli feteleza.

Ine ndinaimva koyamba masana, ndikusewera phada mumthunzi wa matayala. Go, go, go. Kenako zii. Kenako kukanda, ngati mbewa m'nkhokwe. Chitsulocho chinali chotentha moti sukanagwira ndi dzanja, ndipo pampata wa chitseko pankatuluka fungo ngati la m'khola.

"Ndi chitsulo chikufutukuka ndi dzuwa," anatero amalume, osandiyang'ana. Koma amalumewo sanadye tsiku limenelo.

Pamudzi nkhani inafala ngati moto wa lupsa. Anthu ankati olemera a kudoko amanyamula ndondocha, anthu olodzedwa odulidwa lilime kuti aziwagwirira ntchito. Njira ya kuchitsime inasamuka, aliyense akulambalala kwathu. Ine mantha anandigwira mpaka m'mafupa. Masiku ano ndimaona kuti nkhani ya ndondocha inatithandiza tonse, chifukwa chiwanda sumafunika kuchitsegulira.

Amayi okha ndi amene sanaikhulupirire. Ndinawamva akulankhula ndi amalume kuseri kwa chigafa chopachikamo fodya.

"Achimwene, chitsulo sichilira ndi mawu. Nkhwangwa ili apo."

"Mlongo wanga, ndikadula, nanga mutapezeka feteleza? Nanga mutapezeka zinazo? Kulikonse wopita kundende ndine. Makaniko afika, eni ake akatsegula okha."

"Pakhomo panga munthu akati odi ndimayankha."

Koma nkhwangwa sanaitole. Anali mchimwene wawo, amene ankatisunga chimwalirire abambo. M'malo mwake anatenga makeni othirira nazale, n'kuyedzeka makwerero a nkhokwe pa kontena, n'kumathira madzi padenga pake. Madziwo ankangoti tswee, n'kusanduka nthunzi. Ine ndinkatunga, iwo akukwera ndi kutsika. Kudimba mbande za fodya zinafota n'kupsa, koma sanapiteko ngakhale kukasuzumira. Akathira, ankamenya chitsulo ndi chikhatho, ndipo m'katimo ankayankha.

Ndinadzamva nditakula za anthu ochokera kumaiko akumpoto kwenikweni, amene amatsekeredwa m'makontena pofuna kukafika ku Joni osaonedwa pamalire. Amalume atabwerako ku ulendo umenewo sanayendetsenso thiraki. Anabwerera kumudzi n'kumangokhala, ndipo munthu akagogoda pachitseko chawo ankadzidzimuka ngati walumidwa ndi chinkhanira. Zimene zinapezeka potsegula sanauzepo munthu. Ndinkawakonda, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikawaganizira.

Masiku aja pabwalo pathu, kugogoda kunayamba kuchepa. Tsiku limene makaniko anafika, amayi anamenya chitsulo, kumenyanso, n'kugunditsa khutu. Kunali zii. Ine ndinadumpha ndi chimwemwe.

"Amayi, zapita! Ndondocha zapita!"

Sanandikalipire. Anaika keni pansi, nayang'ana thiraki ikutuluka pabwalo, fumbi likutsatira. Kenako anathyola nthambi zaziwisi za mango n'kukaziyala panjira yolowera kwathu, monga timachitira pakhomo pakagwa maliro, nakhala pansi chotambalala, chitenje kumutu.

Ndinazungulira nyumba zonse, kusuzumira chitseko ndi chitseko. Aliyense analipo, wamoyo. Ndinabwerera kukawauza amayi kuti alakwitsa, kwathu sikunafe munthu.